Chigongono cha Paipi

Pakhomo la nyumba yanga pamakhala chitsulo chopindika ngati chigongono cha munthu. Ndi chidutswa cha paipi, chakuda bii m'kati, chadzimbiri kunja, ndipo n'cholemera kuposa mmene chimaonekera. Ntchito yake ndi imodzi yokha, kuimitsa chitseko kuti chisatsekeke. Adzukulu anga chimawapunthwitsa tsiku ndi tsiku, n'kumang'ung'udza kuti agogo amakonda mphepo. Wina anafuna kukachipereka kwa anyamata otolera zitsulo zakale. Ndinamuuza kuti ayambe wakapereka ineyo, chitsulocho chitsatire pambuyo.

Chinachokera ku esiteti ya tiyi ku Thyolo komwe ndinakulira, nkhondo yachiwiri ya azungu isanayambe. Makolo athu anaoloka Ruo pothawa chikoti cha Apwitikizi, n'kudzapeza chikoti china m'minda ya tiyi, koma chimenechi ankati n'chopepukirako. Amayi ankachapa ndi kusita zovala kunyumba ya abwana oyang'anira esitetiyo. Tinkakhala kuseri kwa nyumba yaikuluyo, kupitirira khitchini, mu mdadada wa tizipinda ta antchito, ndipo kathu kanali kakumapeto. Abambo anapita ku Halale amayi ali ndi pakati pa mwana amene ndikufuna kunenayu. Za iwo ndilekezera pomwepa, poti nawonso analekezera pomwepo. Amene ankatiyang'anira anali amalume, mlongo wawo wa amayi, omwe ankasamalira maluwa kwa abwana omwewo koma ankagona kumalayini, komwe kunkakhala antchito a m'minda, kumunsi kufupi ndi mtsinje, ndi akazi awo. Anali munthu woseka msanga, wa manja osakhazikika. Akaona chinthu chopendekeka ankachiwongola asanapemphedwe, ndipo amayi ankawaseka kuti tsiku lina adzakwera kumwamba kukawongola utawaleza.

Pambuyo panga amayi anabereka ana awiri, ndipo onse anabwerera asanatuluke m'chikuta. Kwa amene sanazione zimenezi: mayi akachira ankatsekeredwa m'nyumba ndi khanda lake mpaka mchombo utagwa. Mwamuna sankalowamo, ngakhale bambo wa mwanayo. Munthu aliyense wapabanja ankatchedwa wotentha, ndipo ankati akayandikira khanda amalidula, limatupa n'kufa. Ololedwa anali ozizira okha, ndiye kuti azamba, mayi wachikulire wa kumalayini amene anasiya kalekale za m'nyumba, ndi ana aang'ono ngati ine. Ana awiri aja atapita, akazi anafufuza pakati pawo kuti analakwitsa ndani, koma sanamupeze. Choncho pa mimba iyi anagwirizana kuti pasaphonyeke kanthu ngakhale kamodzi. Mwana ameneyu anayenera kutuluka m'chikuta wamoyo.

Inali nyengo yodulira tiyi. Minda yonse inali itametedwa, kwatsala zitsa zokhazokha, ndipo chiperoni chinkatsika m'phiri n'kukhazikika osafuna kuchoka. Si mvula yeniyeni, ndi mawawa olowa m'mafupa. Zovala za adona, akazi awo a abwana, sizinkauma pachingwe, ndipo ife ana tinkayenda manja ali m'khwapa, mamina ali chuchuchu. Nyengo imeneyi fakitale inkaima chifukwa masamba kunalibe, ndipo ikaima, magetsi amene ankabwera kunyumba yaikulu pa waya wochokera kufakitaleko ankazimanso. Adona anatopa ndi nyali za palafini. Anati akufuna injini yawoyawo, yodikirira pakhomo, yoti magetsi a kufakitale akazima iyo izidzutsidwa.

Inabwera pa lole kuchokera ku Limbe, m'bokosi la matabwa lonunkha girizi, pamodzi ndi mmisiri wachimwenye wa ndevu zaimvi amene Chinyanja chake chinali chongokwanira kupempha madzi ndi kukalipa. Adona sanafune phokoso pafupi ndi chipinda chawo chogona, choncho kashedi ka injini kanamangidwa kutali ndi nyumba yaikulu, pafupi ndi khoma lathu. Pakati pa shediyo ndi khomalo panatsala kampata koti munthu n'kudutsa chammbali. Phokoso losayenera makutu a adona linayenera makutu athu. Izi ndikunena lero. Nthawi imeneyo palibe anaonapo chachilendo, ngakhale amayi amene.

Ndinkaonerera ntchitoyo ndili pakhomo pathu. Anathira simenti pansi, n'kuimikamo mabawuti, n'kudikira kuti iume. Kenaka amuna anakoka injiniyo ndi zingwe pa mitengo ya bulugamu, n'kuikhazika. Inali yobiriwira, ya gudumu lalikulu m'mbali, ndipo kumbuyo kwake kunatuluka paipi yoboola khoma la shedi n'kufika mu kampata kaja. Kumapeto kwa paipiyo mmisiri anapotokolerako chigongono, kukamwa kwake kukuloza kuminda. Chimene chinaopsa anthu kwambiri ndi ndodo yamkuwa. Mmisiri anaikhomera pansi ndi nyundo mpaka mutu wokha n'kutsala, n'kumangirirapo waya. Akuluakulu anayang'anizana. Aliyense wa kwathu ankadziwa kuti chinthu chokhomera pansi pangodya ya nyumba n'chotsirikira, ndipo munthu satsirika chinthu chopanda chiwanda.

Mphekesera inayambira kumalayini. Ankati injini yotere siidzuka bwinobwino isanadye munthu, ndipo imasankha wofewa. Akazi ankanong'onezana zimenezi pamtondo, ine ndikafika n'kusintha nkhani, koma maso awo ankapita pamimba ya amayi. Aphunzitsi a pasukulu ya mishoni anayesa kutilimbitsa mtima. Anatiuza kuti magetsi si ufiti ayi, ndi mphezi chabe imene azungu anaimanga pachingwe. Mulungu awakhululukire aphunzitsiwo, ankafuna kuthandiza. Ine ndinabwerera kunyumba ndikudziwa kuti kuseri kwa khoma limene ndimagona kwamangidwa mphezi, ndipo zingwe ndinali nditaziona zikuduka.

Abwana anasankha amalume kuti akhale oyang'anira injiniyo, poti ndi amene ankamva msanga za zitsulo. Anasangalala ngati alowa ufumu. Malamulo amene mmisiri anawaphunzitsa ankawalakatula akuyenda, mmene ife tinkalakatulira katekisimu. Usanapukuse handulo, tsitsa chogwirira chachikulu kuti waya wa kufakitale asiyane ndi wathu, ungaphe munthu amene akukonza waya kutali. Usathire mafuta injini ili yotentha. Dzanja lonyowa lisakhudze waya. Chitseko cha shedi chikhale chotsegula ikamalira. Paipi ya utsi iziyang'ana kuminda. Malamulo enawo mmisiri anawafotokoza ndi manja ndi nkhope, mpaka kudzigwetsa pansi kuonetsa mmene munthu amafera akagwidwa ndi waya. Koma pa lamulo la paipi Chinyanja chinamuthera. Anangotsina mphuno, n'kupukusa mutu, n'kunena kuti, "Zoipa, zoipa." Amalume anamva kuti vuto lake ndi fungo.

Amayi anachira injini itangokhazikidwa, isanayesedwe. Anali mwana wamwamuna, wa tsitsi lambiri, wa tizala tautali. Azamba anagwira ntchito yawo mosamala ngati mmisiri uja. Anatseka ndi nsanza mipata yonse ya pansi pa denga, anamata ndi dothi kazenera, anaika chiguduli pansi pa chitseko, kuti mphepo kapena diso la munthu zisapeze polowera. Ndipo poti mayi wa m'chikuta amasambira m'nyumba momwemo, anaboola ndi mpeni kabowo m'tsinde mwa khoma, mbali ya kampata kaja, kuti madzi osamba azitulukira kumene sikupondedwa ndi anthu. Kunja kwake anaphimbako ndi udzu. Imeneyi inali nkhani ya akazi. Mwamuna sankauzidwa, ndipo akaona chinyontho pamalo otero ankatembenuza nkhope.

Panali vuto limodzi. M'chikuta mumayenera kukhala moto, koma migolo ya mafuta a injini itaikidwa mu shedi, abwana analetsa moto m'kachipinda kathu. Azamba anatukwana m'Chilomwe, chinenero chimene akuluakulu ankasungira mkwiyo ndi mapemphero, koma lamulo linakhala. Amayi ankagona atadzipinda pamphasa, khanda lili pachifuwa, mano akugundana. Ndikagwira timapazi ta mwanayo tinkakhala tozizira ngati mwala wa kumtsinje. Ndinkachita mantha, pakuti ndinkakumbukira kuti winayo, amene anabwera iyeyu asanabwere, anayambanso ndi mapazi.

Ine ndiye ndinali mlatho pakati pa m'kati ndi kunja. M'mawa uliwonse amalume ankaima chapatali, pafupi ndi mtengo wa mapeyala, n'kundikodola. "Mwanawe, agona bwanji achemwali? Nanga mlendo wathu?" Ndinkanena zimene ndinaona: kuti amayi akunjenjemera, kuti mwana akuyamwa koma mapazi ndi ozizira. Tsiku lina anavula jekete lawo, lokhalo limene anali nalo, n'kundipatsa kuti ndikawafunditse. Azamba analibweza pakhomo pomwepo, atalinyamula ndi kamtengo. Chovala cha munthu wotentha sichikanalowa. Amalume analilandira n'kuima mawawa akuwagwera, jekete lili m'manja. Moto sakanatumiza, chofunda sakanatumiza, iwo eni sakanalowa. Kwa munthu wa manja ngati awo chimenecho chinali chilango.

Kuyesa injini koyamba kunali kwa kanthawi kochepa. Ana ndi akazi anathawira kuseri kwa khitchini, ine ndinaima pakona ya nyumba yathu chifukwa kuthawa n'kusiya amayi sindikanatha. Amalume anatsitsa chogwirira, n'kupukusa handulo. Injini inatsokomola, inatsokomolanso, kenaka inayamba kulira, du du du du, mpaka nthaka kunjenjemera pansi pa mapazi anga. Dothi linayoyoka pakhoma lathu. M'kati khanda linalira, ndipo azamba anafuula kuti alire ndithu, wolira ndi wamoyo. Palibe anadyedwa. Mmisiri anaizimitsa, anamanganso bawuti ina, n'kunena kuti mawa lake ailiza masana onse kuti aone nyale iliyonse ya m'nyumba yaikulu. Isanazime, ndinaona amalume atalowa mu kampata kaja, atatambasula zikhatho patsogolo pa chigongono cha paipi, mmene munthu amawothera moto. Ankamwetulira.

M'mawa mwake chiperoni chinakula. Mitengo ya bulugamu siinkaoneka, madzi ankangodontha kuchokera mu nkhungu. Ndikupita kukataya phulusa la kukhitchini ndinapeza amalume mu kampata muja ali ndi sipanala. Anali atatembenuza chigongono chija. Kukamwa kwake sikunkalozanso kuminda, kunkaloza khoma lathu, chakumunsi. Anandiyang'ana ndi maso a munthu amene wawongola chinthu.

"Kawauze achemwali asendeze mphasa kukhoma ili," anatero. "Lerotu afunda. Fungo likhala kunja kuno, iwo angolandira kutentha basi."

Nditawauza, amayi anaseka koyamba chichirireni. "Achimwene anga amenewo," anatero, n'kukokera mphasa kukhomako. Azamba anagwedeza mutu kuti mpweya wa chitsulo si munthu, sungadule mwana. Atatero anatsikira kumalayini kukasinja mankhwala a pamchombo, n'kundilamula kuti chitseko chikhale chotseka ndipo aliyense asalowe.

Dzuwa, likanakhala kuti likuoneka, likanakhala lili paliwombo pamene anailiza. Mmisiri anaona kuti chogwirira chatsitsidwa, anaona mafuta, anamvetsera kulira kwake ali m'kati mwa shedi. Kuseri sanazungulireko, kunali mvula. Anauza amalume kuti asachokepo ndipo asaizimitse mpaka atawaitana, n'kupita kunyumba yaikulu. Ine ndinali m'chikuta. Posakhalitsa khoma linayambadi kufunda. Amayi anatsamira msana wawo pamenepo, n'kupuma mpweya wautali wa munthu amene watula mtolo. Anandigwiritsa timapazi ta mwana. Tinali tofunda. Ndinasangalala, ndinene zoona, ndinasangalala kwambiri. Kenaka ndinamva ana anzanga akukuwa kuti nyale zayaka kukhitchini, ndipo amayi anati, "Pita ukaone, koma utseke chitseko."

Tinadzazana pawindo la khitchini, momwe magetsi anali asanalowemo chiyambire, kuyang'ana kabotolo kolendewera kudenga, koyaka popanda mafuta, popanda chingwe cha nyali, popanda utsi. Akhukhi ankayatsa n'kuzimitsa, kuyatsa n'kuzimitsa, ngati ndi iwo anakapanga. Sindikudziwa kuti ndinakhalapo nthawi yaitali bwanji. Chimene chinandibweza ndi njala.

Nditalowa n'kutseka chitseko, mdima wa m'chikuta unali wofunda ndi wolemera. Fungo linalipo koma losachuluka, kafungo ka mafuta kamene tinali titayamba kale kukazolowera. Amayi anati mutu ukuwawawa, n'kundiuza kuti ndikhale chete agoneko pang'ono. Mawu awo ankatuluka ochedwa. Ndinakhala pansi ndi mbatata yanga yozizira. Khoma linkanjenjemera, du du du du. Pang'ono ndi pang'ono kulira kwa injini kunalowa m'mutu mwanga, kumagunda m'kati mwa mphumi. Mbatata inandikanika kumeza. Tulo tinabwera, tokoma, tondikokera pansi, ndipo ndikanagona ndithu pakanapanda khoswe.

Anatuluka kuseri kwa mtsuko. Khoswe wa masana amathamanga, koma uyu ankayenda pang'onopang'ono, akudzandira, pakati penipeni pa chipinda, pamene kuwala kwa mng'alu wa chitseko kunkagwera. Anafika pafupi ndi phazi langa, n'kugona chammbali. Timiyendo take tinkapalasa mpweya. Ndinamuyang'ana, ndipo tsitsi linandiimirira. Mawu a pamtondo aja anabwerera onse: imasankha wofewa.

Ndinakwawira kwa amayi n'kuwagwedeza. Sanayankhe. Ndinawatsina, ndinawakoka tsitsi, chinthu chimene sindinachitepo chibadwire. Mutu wawo unangogwera kumbali, ndipo pakamwa panali masanzi. Mwana anali atasiya bere. Nkhope yake inali yokongola kuposa masiku onse, milomo yofiira, koma nditanyamula kadzanja kake n'kukasiya kanagwa ngati kansanza. Ndinafuna kuimirira, miyendo inakana. Ndinafuna kukuwa, mawu anatuluka aang'ono. Chitseko chinali pafupi, koma ndinachifikira ndi mawondo ndi zigongono, ndipo chiguduli cha azamba chija chinalimbana nane ngati chili ndi manja.

Kunja mphepo inandimenya kumaso ndipo ndinasanza. Ndinaitana amalume, koma injini inameza mawu anga. Ndinakwawa m'matope mpaka pakhomo la shedi n'kuwagwira mwendo. Atandiyang'ana kumaso sanafunse zambiri. Ndinangoti, "Amayi sakudzuka. Mwananso." Anazimitsa injini osadikira kuitanidwa, ndipo chete amene anatsatira anali woopsa kuposa phokoso.

Anathamanga mpaka pakhomo pathu, n'kuima. Chitseko chinali chitabwerera chokha. Anaitana, "Achemwali! Achemwali!" M'kati munali zii. Anandifunsa kuti azamba ali kuti, ndinati kumalayini. Kumalayini kunali kutali, kutsika phiri lonse. Akazi a akhukhi anatulukira, ndipo amalume anawapempha, "Mayi, lowani, chonde lowani mukawaone." Mayiwo anabwerera m'mbuyo manja ali pachifuwa. "Ine iyayi, bambo. Ndili pabanja ine. Ndingamudule mwana wa eni." Sindiwada mayiwo. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akuteteza khandalo.

Chimene ndimachikumbukira kwambiri pa tsiku lonselo ndi dzanja la amalume. Linali litatambasuka kufuna chitseko, koma osachikhudza, lili m'malere. Munthu amene sankatha kudutsa chinthu chopendekeka anaima pamenepo ngati wamangidwa. Nawonso ankakhulupirira. Ankadziwa kuti akalowa apha mwana, ndipo ankaona kuti akapanda kulowa afa onse awiri. Kenaka ananena mawu m'Chilomwe, mwina pemphero, n'kukankha chitseko ndi phewa.

Anatuluka ndi mwana poyamba, n'kumuika m'manja mwanga. Anabwereranso. Chitseko chinali pululu tsopano, ndipo ndili pansi pomwepo ndinkaona m'kati. Anawerama kuti anyamule amayi, koma anaima. Ankayang'ana m'tsinde mwa khoma, pafupi ndi mutu wa mphasa. Panali kabowo ka azamba kaja, ndipo kuzungulira kukamwa kwake dothi linali litada ndi mwaye. Anakayang'ana kanthawi kochepa chabe. Atatero anagwira amayi m'khwapa n'kuwakokera panja, pa udzu wonyowa.

Amayi anatsitsimuka mvula ikuwagwera kumaso. Anasanza, anabuula, n'kufunsa mwana. Mwanayo ankapuma, ndipo patapita nthawi analira kamawu kowonda ngati ka mwana wa mphaka. Anthu anali atadzaza. Azamba anafika akupuma wefuwefu, mankhwala ali m'manja, n'kuona chikuta chili chotsegula, mayi ali pabwalo pamaso pa amuna onse, khanda lili pamphepo. Atamva amene analowa, anataya mankhwalawo n'kuika manja kumutu. "Mwatani, bambo inu? Mwamugwira ndi manja anuwo? Mwamutha mwanayu!" Akazi ena anayamba kulira ngati maliro achitika kale.

Amalume anachoka pagulupo. Anthu ali piringupiringu, ine ndinawaona akulowa mu kampata kaja. Chigongono chinali chidakali chotentha, madontho a mvula akachigwera ankachita tsss. Sipanala anali ataisiya mu shedi. Anachigwira ndi manja awiri n'kuyamba kupotokola. Fungo la khungu lopsa linandifika pomwe ndinakhala, koma iwo sanasiye mpaka chinachoka. Mmisiri, amene anabwera akukalipa chifukwa cha nyale zozima, anawapeza ali chomwecho. Anayang'ana paipi, anayang'ana khoma, anayang'ana manja awo, ndipo kukalipa kunatha. Ananena mawu m'chinenero chake, n'kulamula ndi manja kuti amayi asabwezedwe m'chipindamo. Mawa lake anaika paipi yaitali yoloza kumwamba, yopitirira denga. Ngati anauza abwana chilichonse sindikudziwa, koma amalume sanachotsedwe ntchito, ndipo adona anatumiza bulangete.

Mwanayo sanayamwenso bwino. Ankangogona, akamudzutsa n'kutsegula maso osayang'ana kanthu. Akazi ankamuvundukula m'mawa uliwonse kufunafuna kutupa, ndipo munthu akafunafuna chinthu ndi mtima wonse amachipeza. Anapita mchombo usanagwe. Khanda lotero silinkaliridwa mokweza, silinkapatsidwa dzina, ndipo amuna sankaperekeza. Akazi okhaokha anakamuika m'mbali mwa mtsinje, m'kadzenje kosaya, n'kubwerako ali chete. Ine sanandilole kupita. Mchimwene wanga ndinamunyamula kamodzi kokha, tsiku lija pamatope.

Ena kumalayini ankati injini yadya. Koma injini inali ya abwana, ndipo chinthu cha abwana sichinkazengedwa mlandu. Amalume ndiwo anali pafupi. Nkhani inakhazikika kuti mwana anadulidwa ndi malume wake, amene analowa m'chikuta ali wotentha n'kumugwira ndi manja. Amayi anakhulupirira zimenezo mpaka kumanda. Sanawatukwane. Anangosiya kuwatchula kuti achimwene. Akafuna kuwauza kanthu ankatuma ine, ngakhale ali pabwalo limodzi, ndipo nthabwala ya utawaleza ija sindinaimvenso.

Zoona zake ndinadzazidziwa ndili mayi wa ana anga, ndikugwira ntchito yokolopa pachipatala cha mishoni. M'nyengo yozizira ngati yomweyo anabweretsa banja lonse pa machira, anthu amene anagona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Milomo ya kamwana kawo inali yofiira, yokongola. Namwino wamkulu anatisonkhanitsa n'kutifotokozera kuti mu utsi wa makala, ndiponso wa injini, muli mpweya wina wosaoneka, wosanunkha, umene umagonetsa munthu n'kumupha ali m'tulo, ndipo umayambira kwa ang'onoang'ono. Anati mankhwala oyamba ndi kutsegula chitseko ndi kumutulutsa munthuyo panja. Ndinasiya chokolopera n'kukakhala pansi kuseri kwa wodi. Amalume anali atamwalira kale. Chigongono chija akazi awo anachipeza pansi pa bedi lawo, chitakulungidwa m'chiguduli, n'kundipatsa ine poti palibe wina ankachifuna.

Koma m'nyengo ija ndinali mwana, ndipo ndinali ndi nkhani yangayanga. Ndinkati injini ndi imene inafuna kutidya tonse atatu, ndipo amalume anatilanda m'kamwa mwake, kenaka n'kuithyola mkono pobwezera. Kwa ine anali ngwazi, ndipo zinkandipweteka kuona akazi akukoka ana awo iwo akamadutsa. Tsiku lina masana, chiperoni chitayamba kutha, ndinawapeza atakhala pakhomo la shedi. Manja awo anali okulungidwa ndi nsanza, ndipo ankavutika kugwira chitini cha mafuta ndi mikono. Ndinawathandiza kuchikhazika pansi. Ndinawauza, ndikulira ndi mkwiyo, kuti ine ndinalipo, ndinaona khoswe, ndinaona kadzanja ka mwana katagwa iwo asanalowe. Ndinati ndikauza amayi, ndikauza azamba, ndikauza ngakhale aphunzitsi, kuti mwanayo anali atadwala kale iwo asanamugwire.

Anandiyang'ana, kenaka anayang'ana paipi yatsopano ija yoloza kumwamba.

"Usakanene kanthu, mwanawe," anatero. "Asiye anene. Munthu wake sanamuphonye."

Ndinaganiza kuti manja akuwapweteka kwambiri mpaka sakudziwa chimene akunena. Ndinathamanga kukawatungira madzi ozizira.